A Modester Akudikira a Stambuli

A Modester ndi mayi achikulire oyandikana nafe ku Sadzi. Moyo wawo wonse ankagulitsa mabulosi m'mbali mwa msewu wakuphiri, pomwe amuna awo, a Stambuli, ankacheka matabwa m'nkhalango. Madzulo ankatsika limodzi. A Stambuli anamwalira chaka chatha, koma apo n'kuti mutu wa a Modester utayamba kale kutaya zinthu. Akuchipatala anati ndi matenda oiwala a ukalamba, ndipo sachizika.

Dzuwa likapendeka amafunsa mwana wawo amene amawasamala, a Benedicta: "Abambo ako atsika?"

A Benedicta ndi mayi a Mvano, bodza amadana nalo. Ankagwada n'kunena kuti, "Amayi, abambo anatisiya. Tinawaika m'manda."

Kwa a Modester uthengawo unkakhala watsopano. Ankadzigwetsa pakhonde n'kuyamba kulira maliro. Kwathu kuno kulira kotero n'kuitana anthu. Tsiku loyamba azimayi anathamangira komweko akumanga zitenje m'njira, anyamata atathyola kale masamba oika pamsewu. Masiku atapitapo, anthu ankangosuzumira pampanda.

"Mudzalira zenizeni ife tili phee kuchapa," anatero a Clara, ogulitsa makala. "Ingowauzani kuti akadali kuphiri."

"Ndiwanamize amayi anga ondibereka?"

"Nanga kuwaphera amuna tsiku lililonse ndiye chikondi chakecho?"

Mawa lake ndili pampopi ndinamva funso lija, kenako a Benedicta akuyankha motsitsa mawu: "Akadali kuphiri, amayi."

"Iwowo ndi matabwa awo," anatero a Modester akuseka.

Kwa kanthawi pakhomopo panali bata. Tsiku lina kunagwa chiperoni, a Benedicta ali kuchigayo. A Modester ataona chifunga chitakuta phiri, anatenga jekete la amuna awo n'kuuyamba ulendo wokawapatsa. Azimayi otola nkhuni ndi amene anawapeza pafupi ndi damu la Mulunguzi, alibe nsapato, akunjenjemera, jeketelo atalikumbatira osalivala. Anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo.

Atatuluka m'chipatala, amayi anga anandituma kukawapatsa phala. Anali ataonda, akutsokomolabe. Ndisanatuluke anadzutsa mutu.

"Abambo ako atsika?"

A Benedicta anadzuka, anakiya chitseko ine ndili momwemo, kiyiyo n'kuimangirira pachitenje. Anakhala pamphasa pafupi ndi mayi awo.

"Amayi, kodi abambo munakumana nawo kuti?"

A Modester anayamba kufotokoza za mnyamata wa utuchi m'tsitsi amene ankagula mabulosi oti sankawadya n'komwe. Anafotokoza bwino, osaphonya dzina la munthu ngakhale mmodzi. Ali pakati anasiya, nayang'ana kuwindo.

"Kukuzizira kuphiriko. Atsika?"

A Benedicta anagwira pamene anamangirira kiyi paja.