Katoni ya Kumsana kwa Agogo

Ndikati ndiwakumbukire agogo anga aamuna, a Mbewe, limayamba kubwera ndi fungo la utomoni wa paini losakanikirana ndi la mphira wopserera, chifukwa njinga yawo inalibe mabuleki, ndipo potsika phiri la Zomba ndi mtolo wa nkhuni ankapondereza tayala ndi nsapato mpaka kufuka utsi. Ife ku Sadzi tinkawamva asanaoneke, tcheni chikulira ngati chitseko cha khola. Pokwera sankapalasa, ankakankha. "Phiri silifuna matama," ankatero.

Agogo aakazi anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero, ataibisa mpaka mochedwa. Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, amayi anga, a Nambewe, nawonso anayamba kuchapa zitenje mobisa ndi kugwira m'chiuno akamawerama. Agogo ankaona zonse. Koma kwathu bambo satchula matenda otere kwa mwana wake wamkazi, n'kulaula. Anatuma mlongo wawo, amayi n'kungoti, "Ndi msana chabe." Kuuma mutu kumeneku tonse tinayamwira.

Kenako kunamveka za ulendo wa njinga wochokera m'tauni kukafika pamwamba pa phiri, wosonkhetsa thandizo la kafukufuku wa khansa. Agogo anandiitanira kuseri kwa nyumba, atanyamula katoni ya sopo ndi khala.

"Iwe wa sukulu, lemba. Zilembo zikuluzikulu."

"Ndilembe chiyani, agogo?"

"Nambewe, pita ukayezetse. Mayi ako ndinaika m'manda, iwe toto."

"Agogo, amayi andimenya!"

"Pakamwa panga m'poletsedwa, koma katoni ilibe mwambo. Lemba."

Tsiku la ulendowo ndinali ndi amayi pakona ya msewu wa kuphiri, pomwe ankagulitsa mabulosi ndi anzawo. Anadutsa a njinga zamagiya, zonyezimira, atavala zipewa zolimba. Patapita nthawi yaitali tinamva tcheni chija. Agogo anatulukira akupalasa, inde akupalasa, malaya atanyowa. Mnyamata wina anakuwa, "Madala, nkhuni mwaiwala kuti?" Iwo sanacheuke, ngakhale ife sanatiyang'ane. Anangotipatsa msana, ndipo kumsanako kunali katoni ija.

Amayi anawerenga. Anzawo onse anawerenganso.

"Bambo, tsikani, mufa!" anafuula amayi.

"Nditsika ukandiyankha!"

Njinga inkapepeluka, ndipo kumanzere kunali phompho. Amayi anasiya lichero, mabulosi mbwee mumsewu, n'kuwathamangira.

"Ndipita! Lolemba ndipita!"

Agogo anaponda pansi. Anakhala pamwala kwa kanthawi akupuma movutika, kenako anadzuka n'kukankha njinga yawo monga mwa masiku onse, mpaka pamwamba. Anafika omaliza, anthu akupinda kale matenti.

Amayi anawanyanyala mwezi wathunthu chifukwa cha manyazi, koma Lolembalo anapita. Kuchipatala anawapeza ndi khansa ija itangoyamba kumene. Lero agogo kulibe, koma amayi alipo, akukalipira ana anga tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndimapalasa nawo ulendowu chaka chilichonse.

Chaka chatha ndinazengereza kukayezetsa, ndikunamizira ntchito. M'mawa wina ndinapeza katoni yakale, yofumbwa m'mbali, itatsamira chitseko changa. Zilembo zinali zanga zomwe zija zaubwana, koma dzina la Nambewe linali litafufutidwa, ndipo pamwamba pake amayi analembapo langa.