Chipewa cha a Tcheyamani pa Kanema wa Amaori

Ndikukumbukira chaka chimene galimoto ya kanema inafika pa Bangula, ine ndili Sitandade 4. Kunali kukonzekera chikondwerero cha ufulu, ndipo a tcheyamani a chipani, bambo Jasi, anati ayambe aonera kanemayo iwowo ndi amayi ovina, aone ngati ngoyenera anthu wamba. Mayi anga anali m'gulu lovinalo, choncho ndinalowa nawo m'shedi ya thonje masana dzuwa likuswa mtengo. Mazenera anatseka ndi masaka, mkati muli fungo la thukuta ndi mlamba wouma.

Kanemayo anali wa Amaori, anthu a kutsidya kwa nyanja zazikulu. Munali mayi wa mphini pachibwano, amene azungu anamukhomera zikhomo m'munda mwake pofuna kumulanda malo. Ndinawerama ndi manyazi, chifukwa mayi anganso anali ndi mphini za kwawo ku Mozambiki, ndipo anzanga kusukulu ankandiseka nazo.

Bambo Jasi anakondwa. "Mwawaona atsamunda? Nthungululu, amayi!" Amayi anaimba nthungululu. Ntchito ina ya bambowa inali kuphimba diso la makina ndi chipewa pakaoneka bondo la mkazi, ndipo ankaigwira mokhulupirika, atayamba aliyang'anitsitsa okha bondolo.

Tsono mayi wa m'kanema uja anabereka mwana wake kumbuyo, nagwira chikhomo choyamba. Pomwepo chipewa chinatseka diso, bondo palibe. Tonse tinkadziwa kuti mwezi womwewo bambo Jasi anali atakhoma zikhomo zawo m'dimba lathu kudambo, amvekere n'chitukuko.

Mumdimamo ndinamva mawu a mayi anga. "Pepani a tcheyamani, tachotsani chipewacho. Tikufuna tione m'mene amazulira."

Masiku amenewo munthu wobwera akayankhula choncho ankakwera galimoto ya boma osabwerako. Bambo Jasi anangotsokomola, nalamula kuti kanemayo ngosayenera.

Kutacha, zikhomo zonse za m'dimba lija zinali zitaunjikidwa bwinobwino pakhomo pawo. Bambo Jasi anaitanitsa amayi ovina. "Zimenezi mwaphunzira m'kanema uja, eti?"

Mayi anga anagwada mwaulemu. "Ife kanema sitinamuone, bambo. Tinaona chipewa chanu."

Nkhani inathera pomwepo. Bambo Jasi akanakanena kuboma, akanayamba kufotokoza chifukwa chimene anabisira atsamunda akugonja.

Lero adzukulu anga amaonera chilichonse pafoni, wachipewa palibe. Dimba lija ndimalima ine. Mayi anatisiyira chithunzi chimodzi chokha, ndipo mphini zimene ndinkalakalaka zitafufutika ndimazifunafuna pamenepo, koma sizioneka.