Gogoda za Adona ndi Beseni la Eni

Mumsewu umenewo dzina lawo lenileni anthu analiiwala. Ndi Adona basi. Anayamba kutchedwa choncho amuna awo ali ndi malole awiri, pakhomo pali wantchito ndi firiji yaitali ngati munthu. Lole ina inagubuduzika, inzake inafa injini, bambo aja matenda a shuga anawakhazika pakhonde. Dzina lokha ndi limene linakana kuchoka. Ndipo amene amalitchula lero mopinda mlomo ndi omwe aja ankabwera ndi majagi kudzapempha madzi ozizira. Anthu ena manyazi anawasiya m'mimba mwa amayi awo.

M'mawa uliwonse Adona amatuluka atavala gogoda, chikwama chachikopa paphewa. Wowafunsa amamuuza kuti akukaona za bizinesi. Amakwera basi mpaka kutsidya kwa tauni, kunyumba za mipanda italiitali, kumene kulibe wowadziwa. Akangolowa pageti lakuseri, gogoda zimalowa m'chikwama, m'chikwamamo mumatuluka nsalu yakale ndi masilipasi. Kenako mpopi, sopo, beseni ndi mulu wa zovala za eni.

Ntchitoyo siinkawaopsa. Msana unkawawa, zala zinkasupuka, koma madzulo ankapezabe mphamvu yopukuta nsapato za amuna awo.

"Mukupukutira ndani?" bambowo ankafunsa. "Ine ulendo wanga umathera pakhonde pano."

"Pakhondepo ndi poyambira. Mudzazivala, musandibowe."

Chimene chinkawadya mtima ndi mng'ono wawo, nesi. Mwana ameneyo anamulera okha mayi awo atamwalira, kumusambitsa, kumuluka tsitsi, kumukankha kusukulu mpaka anavala yunifolomu yoyera. Kwa iye achemwali ake anali phiri, ndipo phiri silipempha. Adona akanalolera kuti msewu wonse udziwe, bola mwanayo asadziwe kuti amene anamulera akutikita makolala a amuna a eni.

"Achemwali, zikuyenda?" nesi ankafunsa pafoni.

"Zikuyenda, iwe. Alamu ako akungodikira lole ituluke kugalaja."

Lole imene anaiphwasula kalekale ogula zitsulo. Nesi atabwera kudzacheza n'kuona zala zosupukazo, Adona anamunamiza kuti ndi sopo watsopano wosambira. Kunamiza nesi za khungu, taganizani. Mwanayo anakhulupirira, anabweretsa mafuta odzola, ndipo Adona analandira nkhope itayang'ana kukhoma.

Bodza anali kulisamala bwino. Chimene anaiwala ndi manja awo, chifukwa manja sadziwa kunama. Malemu mayi awo anali ndi kayanikidwe kawokawo, ndipo anakalowetsa mwa ana awo ndi makofi. Malaya uwatembenuze, uwapanire kumunsi, kolala ilendewere. Masokosi awiriawiri, kupanira kuzala. Zovala zamkati zisaonedwe ndi wodutsa: ziyanikidwe pachingwe chapakati, uku nsalu yapabedi, uku nsalu yapabedi, ngati kachipinda. Mayi wa nyumba imene Adona ankachapa Loweruka ankaseka nazo.

"Mayi, mukuyanika kapena mukumanga nyumba?"

Adona ankangoti, "Ndinazolowera, abwana." Mawu akuti abwana ankatuluka ngati akulavula mwala.

Loweruka limenelo anali atayanika zonse, kutatsala bulangete lolemera m'beseni, pamene anamva mawu m'nyumba. Kuseka kwake ankakudziwa kuyambira kuli kopanda mano. Apongozi a mayi wa nyumbayo anali ndi bala pamwendo, ndipo nesi amene anamuitana kudzalitsuka, mwa manesi onse a m'tauni, anali mng'ono wawo.

Geti linali kutsogolo kwa zenera, pothawira panalibe. Adona, mayi wamkulu wa ana akusekondale, analowa m'kachipinda kansalu kaja n'kuima pakati pa zovala zamkati za eni, madzi akuwadonthera m'khosi, akupemphera kuti mwanayo atulukire khomo lakumaso.

Nesi anatulukira lakuseri, kudzasamba m'manja pampopi. Madzi anathira pang'ono, n'kusiya.

"Wayanika apa ndani?"

"Ndi mayi wochapa wathu," anayankha mwini nyumba. "Amachedwa, koma ndi waukhondo."

"Kayanikidwe aka ndi ka amayi anga."

Nsapato zoyera zinayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa chingwe, kudutsa malaya ozondoka, kudutsa masokosi, n'kuima pamene masilipasi ankaonekera pansi pa nsalu. Pamsomali wapakhoma panali chikwama chachikopa, chidendene cha gogoda chitasuzumira kunja. Nesi anakweza nsaluyo.

Adona sanadzutse mutu. Anabisa manja kumbuyo ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

"Achemwali."

"Ndimangothandiza mnzanga wina, wadwala..."

"Sopo wosambira uja ndi ameneyu?"

Mwini nyumba anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya china chake pamoto.

"Lole ili kugalaja," nesi anatero. "Ine n'kumabwera kwanu manja lendelende, n'kumadya, n'kumapempha kuwonjezera. Mwandisandutsa chitsiru, achemwali. Mumandiona ngati mlendo?"

"Ndimakuona ngati mwana. Mwana saona akulu ake ali chonchi."

"Chonchi bwanji? Matewera anga ankachapa ndani? Anali manja ena?"

Apa Adona misozi inawapereka. Anaipukuta ndi mkono, thovu n'kulowa m'maso, zinthu n'kuipiraipira. Anafuna kunena kuti si mpaka kale, kuti nyumba zimene amachapa zikuchuluka, kuti tsiku lina adzakhala ndi mabeseni awoawo ndi simbi yawo, anthu n'kumabweretsa okha zovala pakhomo. Zonsezo amazinena usana uliwonse kwa mpopi. Kwa mng'ono wawo zinakanika kutuluka.

Nesi anavula wotchi, anaiponya m'thumba, anawerama pabeseni n'kutulutsa nsonga ya bulangete.

"Iwe, yunifolomuyo."

"Gwirani uko. Bulangete safinya munthu mmodzi, munandiphunzitsa ndinu. Masiku onsewa mumafinya ndi ndani?"

"Ndi mpopi. Ndimakulunga kumpopi."

Anagwira. Wina anapotoza kumanja, wina kumanzere, madzi akuda akugwera pa nsapato zoyera zija. Adona anayang'ana kagwiridwe ka mng'ono wawo ndipo sanapirire.

"Potoza zenizeni. Ukugwira ngati sunaleredwe ndi ine."

Atayanika, Adona anavula nsalu yonyowa ija, anatsitsa chikwama pamsomali n'kutulutsa gogoda. Anaziyang'ana kanthawi, akudziwa kuti mwanayo akuwaona.

"Muvalabe zimenezo?"

"Ndi zanga. Sizinagubuduzike ndi lole."

Anatuluka pageti lakuseri limodzi, gogoda zikugogoda pamsewu. Mpaka pokwerera basi Adona anali asanamuyang'anebe m'maso mng'ono wawoyo, koma manja sanawabisenso.