Mizere ya Manzere ku Zomba

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaona Zomba koyamba, ndipo mumzindamo ndinalowa nditakhala pamwamba pa matumba a kachewere. Musaseke. Ife a ku Bembeke maulendo athu anali otero. Ukamva kuti lole ya a Gerevaziyo ikupita kumsika wakutali, unkangokapempha malo, n'kuwaninkha kadengu ka mapichesi, basi wakwera.

Sitinkapita kukaona malo ayi. Tinkakafuna achemwali anga, a Rozina, amene anali atachoka pakhomo zaka ziwiri m'mbuyomo. Iwowa ndi amanzere chibadwire, ndipo nkhani imeneyi amayi inkawasowetsa mtendere. Anayesa kuwakulunga dzanjalo ndi nsalu ali aang'ono, anayesa kamkwapulo, koma ayi ndithu. Tsiku lina kunabwera alendo odzafunsira mbeta, achemwali n'kuiwala, n'kupereka madzi akumwa ndi dzanja lamanzere. Amayi anawakalipira pamaso pa alendowo, mawu oti sindingawabwereze pano. Sabata isanathe, achemwali anatsagana ndi mayi wina amene ankafuna wantchito wa m'nyumba. Kalata inabwera imodzi yokha, yopanda keyala, yongonena kuti ali ku Zomba, m'nyumba zakale za m'munsi mwa phiri.

Kuyambira pamenepo amayi sankatchula dzina la achemwali, koma tonse tinkaona kuti akuonda. Paulendowo ananditenga ine chifukwa ndinkatha kuwerenga zikwangwani.

Tinanyamuka m'mawa chifunga chisanachoke, titavala majuzi awiriawiri. Kamba wathu anali kachewere wophika, mchere m'kapepala ndi botolo la thobwa. Pofika ku Liwonde majuzi aja tinali titavula, thukuta lili kamukamu, ine n'kumadabwa kuti anthu amakhala bwanji kumalo otentha chonchi. Kenaka phiri linaonekera, lalitali, lobiriwira, mphepo n'kuyambanso kumveka ngati ya kwathu.

Titatsika pamsika, a Gerevaziyo anati, "Amayi, folo koloko ine ndikunyamuka. Mukachedwa musadzandide." Ndalama ya basi tinalibe, ndiye mawu amenewo tinawamvetsa bwino.

Amayi anayamba kufunsa monga timafunsira kwathu. Ankayandikira munthu, n'kunjuta, n'kunena kuti, "Zikomo bambo, mungamudziwe Nangozo, mwana wa ku Bembeke?" Kwathu funso limenelo limakwana. Ukatchula mfunda wa munthu ndi mudzi wake, wina amakuperekeza mpaka pakhomo. Koma kumeneko ena ankangopukusa mutu, ena n'kuseka. Ine manyazi anandigwira, ndinkalakalaka nditalowa pansi. Mayi wina wogulitsa nthochi, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chiyao, ndiye anatimvera chisoni.

"Nyumba zakale? Mayi wanga, Zomba yense ndi wakale," anatero mayiyo. "Koma kwerani msewu uwu, muzikafunsa alonda."

Tinayamba kukwera. Apa ndiulule tchimo langa: kwa kanthawi achemwali ndinawaiwala. Ndinali ndisanaonepo nyumba zoterozo, za njerwa zofiira zodetsedwa ndi mvula ya zaka zambiri, makonde aatali ozungulira nyumba yonse, malata obiriwira, masitepe a miyala omera ndere. Mitengo yake inali yoti anthu atatu sangaikumbatire. M'mbali mwa msewu madzi ankayenda m'ngalande zamiyala, oyera mbee, ozizira ngati a m'dambo la kwathu. Anyani ankadutsa mumsewu mosathamanga, ngati eni malo. Ine ndinkawerenga chikwangwani chilichonse mokweza, ngakhale chimene amayi sanandifunse.

Mlonda wina wachikulire, ataona kuti ndayima kukamwa kuli yasa, anandiuza kuti mzindawu ndiwo unali likulu la dziko kalelo, ndipo m'nyumba imene ndinkayang'anayo ndimo munkakambidwa malamulo. Ndinagwira khoma lake ndi chikhatho. Linali lozizira. Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma mumtima ndinati, kuno ine ndidzabweranso.

"Iwe Agi, tabwera kudzaona makoma?" amayi anandikalipira. Ndinachita manyazi, n'kuwatsatira.

Tinagogoda mageti ambiri. Pena agalu ankatiuwa, pena mlonda ankatiyankha asanatsegule n'komwe. Wantchito wa ku Dedza? Dzina la abwana ake ndani? Ife osadziwa. Dzuwa litapendeka, mapazi a amayi anali atatupa, ndipo tinakhala m'mphepete mwa ngalande n'kumasula kamba uja. Kachewere mmodzi anatsala. Nditatambasula dzanja, amayi anamukulunga m'nsalu, ine n'kuzindikira kuti si wanga.

"Tiye tizibwerera," anatero amayi. Mawu awo anali otsika moti ndinachita mantha. Amayi anga sanali munthu wogonja.

Mlonda wachikulire uja anali atatiuza za kanjira kachidule kotsikira kumsika, kodutsa kuseri kwa nyumbazo, kumene amayenda antchito ndi otola nkhuni. Tinalowa m'kanjirako. Kumeneko kunalibe mageti opaka utoto. Kunali tinyumba ta antchito, zingwe zoyanikapo zovala, ndi timinda ting'onoting'ono. Ine ndinali patsogolo, ndikuganiza za lole, pamene ndinazindikira kuti amayi sakunditsatira. Anali atayima pa mpanda wina wa maluwa, akusuzumira mkati.

"Mizere iyi ndi ya Rozina," anatero.

Aka kanali koyamba m'zaka ziwiri kumva dzinalo pakamwa pawo. Ndinasuzumira nanenso. Ine ndinangoona kadimba ka kachewere ndi nsawawa, basi. Koma amayi anandilozera. Munthu wamanzere akamaunga mzere amakokera dothi mbali inayo, ndipo mizere ya achemwali nthawi zonse inkakhotera kumanzere kumapeto kwake. Ngakhale luzi lomangira nsawawa ku timitengo linali lopotedwa chobwerera. Zimenezi ndi zomwe amayi ankawakalipira nazo m'munda chaka ndi chaka, mpaka kumagumula mizere ina kuti aungenso.

"Odi kuno!" amayi anaitana. Kunali zii. Kenaka anakweza mawu monga amaitanira munthu kutsidya kwa dambo: "Nangozooo!"

Kuseri kwa kanyumba kunatulukira achemwali, beseni la zochapa lili m'manja. Anali atanenepa pang'ono, tsitsi atamanga bwino. Anayima chilili. Ine ndinaopa kuti abwerera m'nyumba n'kutseka chitseko. Koma anatula beseni lija, n'kubwera pang'onopang'ono, n'kugwada. Anatambasula dzanja lamanja kuti apereke moni, lamanzere atalibisa pansi pa chigongono, mosamala ngati mwana amene akuopa kulakwitsanso.

Amayi dzanja lamanjalo sanalilandire. Anawerama, n'kukoka lamanzere lija, n'kulitambasula. Anamasula nsalu ija n'kuika kachewere uja m'dzanjamo.

"Dzanja ili ndi limene landifikitsa pano," anatero. "Idya, mwana wanga. Ndinakulakwira."

Achemwali analira, amayi analira, ine ndinalira kuposa onse ngakhale panalibe wondifunsa. Kachewereyo anadyedwa wopanda mchere, chifukwa mchere ndinali nditaumaliza ine.

Kumsika tinatsika chothamanga, achemwali atatigwira manja, n'kupeza a Gerevaziyo aliza kale injini, akutukwana chapansipansi. Tsiku limenelo achemwali sanabwerere nafe, poti ntchito sangoisiya choncho. Anabwera pa Khirisimasi, ndipo kuyambira pamenepo kalata zinkabwera zili ndi keyala.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo tchuthi chilichonse ndimayesetsa kupita ku Zomba. Anzanga amandiseka kuti ndinakwatiwa ndi mzinda. Ndimakwera minibasi, kamba ndimanyamula wanga, ndipo ndikatsika pamsika anyamata a matakisi amandidziwa kale kuti mayi awa sakwera. Ndimayenda wapansi, kukwera msewu womwe uja, n'kukagwira khoma lija, kenaka kutsikira kanjira ka kuseri.

Ndili mwana ndinkaona ngati kusowa kwathu ndiko kunativutitsa tsiku lija. Tsopano ndimaona kuti tikadakhala ndi ndalama ya galimoto, tikadangozungulira mageti akutsogolo n'kubwerera chimanjamanja. Kanjira ka anthu oyenda pansi ndiko kanatidutsitsa pa kadimba kaja. Ndipo m'kalasi mwanga mwana akagwira pensulo ndi dzanja lamanzere, sindimusintha. Ndimangomusunthira kumapeto kwa benchi kuti chigongono chake chipeze malo.