Kuwauza Amayi za Belu

Chaka chimene ankatiphunzitsa ntchito ya wachiwiri kwa ahedi, mtima wanga sunakhale m'malo. Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi, kuno timati kombi, ku Glen View kupita kumaphunzirowo m'tauni. Tsiku lina anatipatsa ntchito: pezani vuto limodzi pasukulu panu, mulikonze, ahedi anu asainire. Wopanda siginecha, udindowo auiwale.

Vuto silinasowe. Kwathu ana ndi ambiri kuposa zipinda, ndiye chipinda chimodzi amagawana makalasi awiri, ena m'mawa, ena masana. Belu likalira, am'mawa atuluke. Onse ankatuluka, kupatula kalasi ya amayi ena achikulire. Iwowo belu ankalimva ngati nyimbo chabe. Ana a masana ankapsa ndi dzuwa panja mpaka theka la ola.

Tsono amayiwo ndi amene anandigwira dzanja ndikuphunzira kulemba mu Giredi Wani. Makolo awo ndi anga anachokera boma limodzi ku Malawi. Kutchalitchi ndimawagwadira powapatsa moni. Ine ndiwauze chiyani? Masabata atatu ndinkangozungulira pakhonde la kalasi yawo ngati nkhuku yofuna kuikira. Ahedi anatopa nane.

"Mukuopa munthu mmodzi," anatero, "nanga aphunzitsi onsewa mudzawatha?"

Ndiye ndinachita zopusa. M'malo mowayendera amayiwo kunyumba ndi kukhala nawo pansi, monga timachitira ndi akulu, ndinatsata za m'buku: kalata yachenjezo, deti pamwamba, siginecha yanga pansi. Ndinawapatsira m'chipinda cha aphunzitsi, anthu akumwa tiyi. Abale inu! Anaiwerenga kawiri, n'kuipinda bwinobwino.

"Iwe mwana," anatero m'Chichewa, anzathu olankhula Chishona akungoyang'ana, "pakamwa pako patupa?"

Mawa lake belu litalira, kalasi yawo inali yoyamba kutuluka. Ahedi anasaina. Maphunziro ndinakhoza, udindo ndinaupeza, ndi kaofesi komwe.

Lolemba loyamba wina anagogoda. Anali amayi aja, atanyamula buku la mapulani a maphunziro kuti ndiliwone, monga lamulo limanenera. Manyazi anandigwira koopsa. Ndinadzuka msangamsanga n'kuwakokera mpando.

"Khalani, mayi, chonde."

"Ayi, Madamu," anatero, manja ali kumbuyo. "Ndiima."

Ine ndikanakhala bwanji? Masamba onse ndinawerenga choimirira. Papita zaka zitatu tsopano. Lolemba lililonse amabwera ndi bukulo, ndipo tonse awiri timaima.