Madzi Atatsika mu Shafuti ya ku Eiffel Flats

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pamzere wogula ufa. Famu imene bambo anagwirako zaka zambiri pafupi ndi Chegutu inali italandidwa, ndipo ife a m'komboni tinauzidwa kuti tibwerere kwathu. Kwathuko kunali kovuta kukuloza. Bambo anachoka ku Nyasalande ali mnyamata, ine ndinabadwira pafamu pomwepo. Tinakakhala kwa mlongo wanga ku Eiffel Flats, kunja kwa Kadoma. Pamzerepo mkulu wina anandimva ndikulankhula Chichewa ndi mayi. Anali a Banda, oyang'anira pampu pa kamgodi kena ka golide. Anandifunsa ngati ndimaopa dzenje. Ndinati ayi. Anati ndibwere Lolemba.

Ntchitoyo sinali yolowa pansi. Panali shafuti yakale, dzenje loongoka limene azungu analisiya litadzaza madzi, ndipo mwini mgodi watsopano ankafuna kuliphwetsa. Ine ndinkathira dizilo, kuyang'ana oyilo, kukunga lamba ndi sipanala, kupaka girisi, ndi kupukusa injini mpaka italira. Kawiri pa tsiku ndinkayeza madzi. Tinali ndi chingwe chokhala ndi mfundo pa mita iliyonse, kumapeto kwake kuli chitini chozondoka. Chitini chikagunda madzi chinkamveka kuti phu, ndiye ndinkawerenga mfundo n'kulemba ndi choko pakhoma la kanyumba ka pampu.

A Banda sanali olankhulalankhula, koma pa nthawi ya sadza, nsima ya kumeneko, ankafotokoza za nthaka ya kumeneko ngati akunena za m'bale wovuta. Ankakumbukira chaka chimene matalala anawononga thonje njira yonse ya ku Sanyati, ndi chaka cha chilala pamene ng'ombe zinkafera m'mbali mwa njanji. Koma chimene ankachiopa kwambiri ndi mvumbi, mvula ya masiku ambiri. Ankati pansi ponse pa komboni ya ku Eiffel Flats ndi mphako zokhazokha, njira zimene makolo athu anakumba, ndipo mapu ake anapita ndi eni ake. Iwo ali mnyamata, mayi wina anadzuka m'mawa n'kupeza khitchini yake palibe. Panali dzenje lozungulira, nkhuku zikusuzumiramo.

Chaka chimene ndinayamba ntchitocho mvumbi unagwa sabata yathunthu. Dizilo anali wosowa, mwini mgodi ankaswera pamzere ku Kadoma, ndipo anatiuza kuti wowononga dizilo ntchito imuthera. Madzi mu shafuti ankakwera tsiku lililonse ngakhale pampu ikuyenda.

Tsiku lina m'sabata imeneyo a Banda anaperekeza akazi awo kuchipatala, n'kundisiya ndekha. Cha m'ma naini koloko ndinatsitsa chingwe. Pamene chitini chinamvekera dzulo lake, sichinamveke. Ndinatsitsanso mfundo zitatu, ndipo apo chinagunda. Ndinabwereza kuyeza. Madzi anali atatsika mamita atatu, mvula ikugwabe. Ndinakondwa. Ndinaganiza kuti pampu yapambana, ndipo ndinazimitsa injini kuti ndisunge dizilo.

Injini itakhala chete ndinaona kuti mphepo yasintha. Shafuti imene masiku onse inkatulutsa mpweya wofunda tsopano inkakoka. Udzu wa m'mphepete unkaweramira m'kati. Pansi patali pankamveka ngati munthu akumeza. Ndinakhala pa chigubu n'kumamvetsera, osadziwa chimene ndikumva, mpaka masana.

A Banda anafika cha m'ma thwelofu. Anayang'ana choko pakhoma, kenako udzu. Anafunsa kuti ndayeza nthawi yanji, ndipo ndinawauza. Sanandikalipire.

"Mwanawe, madzi sasowa mvula ikugwa," anatero. "Aboola njira. Kumunsi kuli ndani lero?"

Kumunsi, kuseri kwa phiri la mchenga wa mgodi, kunali maenje a makorokoza, anthu okumba golide paokha. Ambiri anali ochotsedwa m'mafamu ngati ife. Mlamu wanga Tendai, mwamuna wa mlongo wanga, anali mmodzi wa iwo. M'mawa umenewo ndinamuona akupita, tochi atamangirira pamutu ndi mphira.

Tinathamanga m'matope. A Banda, amene chifuwa chawo chinatha ndi fumbi la m'migodi, ankaima kutsokomola n'kuthamanganso. Pa dzenje lililonse anamenya chitsulo ndi sipanala, akufuula mawu oti madzi m'chinenero chakale cha m'migodi: "Manzi!" Opukusa chingwe pamwamba anayamba ndi kuseka, wina n'kufunsa ngati madala amwa kachasu m'malo mwa tiyi. Kenako ndowa inatuluka yodzaza madzi akuda, ozizira, onunkha dzimbiri, osati matope ofiira a mvula. Kuseka kunatha.

Tinakoka anthu mmodzimmodzi. Chingwe chinali choterera, ndipo aliyense wotuluka ankangogwira chopukusira kuti athandize kukoka mnzake. Tendai anatuluka chakumapeto, atanyowa mpaka pachifuwa. Anati madzi anayamba kudontha kudenga la njira yawo kuyambira m'mawa, iwo n'kumayesa ndi mvula. Anandithokoza kuti ndabwera msanga.

Makorokoza a kumeneko ankasiya nsapato pamwamba polowa pansi. Aliyense atavala zake, pansi pa pulasitiki yozitchinga ku mvula panatsala nsapato ziwiri za matayala, zingwe zake zosokedwa ndi waya. Palibe amene ankadziwa dzina la mwini wake. Wina anati anafika dzana kuchokera ku famu ina ya ku Chegutu, ndipo ukamulankhula Chishona ankayankha m'Chichewa. Tinatsitsa chingwe kangapo, tikuitana. Madzi anali atatseka kale njira yopingasa ya pansi pa dzenjelo. Pounika ndi tochi ankaoneka bata, osagwedezeka n'komwe.

Mwini mgodi anatilola kusamutsira pampu kumeneko, ndipo tinapopa masiku anayi. Munthuyo sanapezeke. A Banda anatenga nsapato zija n'kukazikwirira kumanda a anthu akwathu, popanda chizindikiro, chifukwa sitinadziwe ngati anali Mkhristu kapena Msilamu.

Za maola atatu amene ndinakhala pa chigubu, a Banda sanauze munthu, ngakhale Tendai. Ine ndinawayambira nkhaniyo kamodzi. Anapitiriza kupukuta girisi m'manja, n'kunena kuti, "Sunkadziwa. Tsopano ukudziwa."

Lero ndimakonza mapampu a mijigo ku Chegutu. Vuto likatha lokha, ine ndisanagwire kanthu, sindikondwa. Ndimaika zida pansi n'kukaona amene ali kumunsi kwanga.