Makatoni Pabedi la Achemwali

Mpaka lero ndikamva selotepi ikung'ambidwa pakatoni, mtima umabwerera kunyumba yathu ya ku Old Airport, mumzinda wa Doha, m'chilimwe chija ndili mwana wa pulayimale. Kunja kunkatentha moti nsapato zinkamata paphula. M'nyumba makina oziziritsa mpweya ankalira osapuma, madzi ake akudonthera m'ndowa ya pakhonde. Fungo la tende, zipatso za kanjedza zija, linkasakanikirana ndi la mafuta onunkhira ndi la makatoni atsopano, n'kulowa mpaka m'mapilo.

Tinkakhala pamwamba pa sitolo ina, m'zipinda ziwiri. Ababa ankayendetsa basi yonyamula antchito a hotela, ndipo ine ndinkawanyadira kwambiri ndikaona chibasicho chikupinda pamphambano ngati njinga. Chipinda chachiwiri chinali changa ndi achemwali anga a Zainabu, amene anali ku sekondale. Anali munthu wa phwete, oti akamandiluka tsitsi ankandikoka dala kuti ndilire, kenako n'kundiseka. Chaka chimenecho phwete lija linatha. Chakudya cha kusukulu chinkabwerera momwe chinapitira. Ankadzitsekera m'bafa n'kutsegula mpopi kuti tisamve kuti akulira, koma ine ndinkamva. Amayi anayesa kukalipa, anayesa kunyengerera ndi chapati, anayesa mapemphero. Ababa ankangoti ndi kukula chabe, zitha zokha.

Amene anaona kuti sizikutha anali aphunzitsi awo, ndipo anawaperekeza kwa mlangizi wa pasukulupo, mayi wa ku Sudan wa magalasi okoleka m'khosi, amene tonse tinkangomutcha Madamu. Iye sanapupulume. Anacheza nawo achemwali kwa masabata ambiri, kenako anapempha makolo kuti awatengere kwa dokotala. Kuchipatala anayamba kupita mlungu uliwonse, komabe madilesi ankangowakulira. Apa m'pamene Madamu ndi dokotala anaitana makolo anga n'kuwauza za nyumba ina yosamalira achinyamata ovutika maganizo, kumene kuli anamwino ndi alangizi, ndipo maphunziro amapitirira konko. Anati akaione kaye ndi maso awo, palibe adzatenge mwana popanda iwo kuvomera, ndipo achemwali akayamba kupeza bwino azidzabwera kunyumba Lachisanu.

Amayi amati funso loyamba la ababa silinali la mwana ayi. "Company yanga idziwa, Madamu? Sadza-cancel visa yathu?" Musawaseke. Ku Doha kuja munthu wa kontirakiti ankatsokomolera m'pilo, poopa kuti akadziwika kuti akudwala amukweza ndege. Madamu anawatsimikizira kuti nkhani ya mwana si ya abwana awo. Makolo anga anapita kukaona nyumbayo, anapeza yaukhondo, ya mitengo pabwalo, ndipo anavomera.

Koma manyazi ndi chinthu china. Potuluka mumzikiti, ababa anauza Amalawi anzawo kuti Zainabu akupita ku Mangochi kukathandiza agogo ake. Anaiwala chinthu chimodzi chimene aliyense wa kumeneko amachidziwa: Mmalawi sakwera ndege ya kwawo chimanjamanja. Lisanalowe dzuwa la tsiku lotsatira, belu la pakhomo pathu linali litatopa. Alonda, madalaivala, amayi ogwira ntchito m'nyumba za ku Al Markhiya, aliyense anabwera ndi kakatundu kake koti Zainabu akapereke kumudzi. Wina foni ya mkazi wake, wina nsapato za mwana, wina tende ndi mafuta onunkhira. Aliyense ankati, "N'kochepa aka, half kg basi," kwinaku akukoka katoni yoti anthu awiri anyamulizane. Ababa ankangolandira, akumwetulira ngati munthu woponda minga.

Achemwali anachoka m'mawa wina ndi kachikwama kamodzi. Makatoni aja anatsala. Pofuna kuti alendo asawaone, ababa anawasanjikiza pabedi la achemwali mpaka kufika pawindo, n'kufunditsa nsalu. Ine ndinkagona moyang'anizana ndi phiri limenelo, ndipo ndinalida ndi mtima wanga wonse. Ndinkalitema mateche ndikakhala ndekha. Nawo mafoni anayamba kulira, anthu akufunsa chifukwa chake katundu sanafike ku Mangochi. Ababa ankatuluka pakhonde, m'kutentha muja, kukayankha kuti msewu wa kumudzi wavuta.

Tinkapita kukawaona achemwali mozemba, ngati akuba. Poyamba ankangoyang'ana pansi. Ulendo wina ndinawapeza akuthirira timbewu ta tomato m'zitini, ndipo atandiona anati tsitsi langa likuoneka ngati chisa cha mpheta. Ndinasangalala ndi chipongwe chimenecho kuposa mphatso iliyonse.

Chilimwe chili kumapeto, Madamu anaimba foni kuti alangizi agwirizana, Zainabu akhoza kubwera Lachisanu la mlungu wamawa n'kugona kunyumba. Amayi analira ndi chimwemwe. Ababa anati mwina tidikire kaye, kapena adzalowere masitepe a kuseri anthu ali kumzikiti, asadzatuluke panja. Foni inali pa sipika, choncho tonse tinamva yankho la Madamu. Anati mwana amene akuphunzira kuti matenda ake si mlandu sangalowe kwawo mobisala, ndipo ngati zili choncho ndi bwino akhale kaye komwe ali. Foni itadulidwa ine ndinafunsa chimene chinkandivuta ineyo. "Nanga achemwali adzagona pati, Ababa? Pabedi pawo pali katundu wa anthu." Ababa analowa m'chipinda chathu, navundukula nsalu ija, naima pamenepo nthawi yaitali.

Lachisanu la mlungu womwewo, mapemphero atatha, anaitana eni katundu onse kudzamwa tiyi. Makatoni anali atawatulutsa okha n'kuwaika pakati pa balaza, aliyense akuona dzina lake. Ababa anaimirira, chipewa chawo chili m'manja. "Abale anga, ndinakunamizani. Zainabu sanapite ku Mangochi. Ali konkuno, akulandira thandizo, maganizo anamuvuta. Ndinachita naye manyazi mwana wanga. Khalas, basi, ndatopa nalo bodzali."

Mayi wina wa ku Al Nasr anatola katoni yake n'kutuluka akung'ung'udza za foni ya mwana wake, ndipo anali ndi chifukwa. Kenako Che Bwanali, mlonda wamtali amene katoni yake inali yaikulu kuposa zonse, anagwada n'kung'amba selotepi. Anatulutsa bokosi la tende ndi mpango wobiriwira umene anagulira mwana wake wamkazi, n'kuyang'ana ababa. "Wallahi, Che Yusufu, mwatilakwira potibisira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukampatse izi, mukamuuze kuti ma-uncle ake akumudikira."

Mlungu wotsatira achemwali anakwera masitepe a kutsogolo dzuwa likuswa mtengo, mpango wobiriwira uli kumutu. Pakhomo panali nsapato zambirimbiri. Palibe anawafunsa mafunso. Anakhala pakati pa azimayi, anatenga tende imodzi n'kudya, kenako anatambasula dzanja kutenga ina, ndipo ndinaona amayi akuluma mlomo kuti asalire. Madzulo anandiluka tsitsi atakhala pabedi pawo, akundikoka dala. Anabwereranso kunyumba yosamalira achinyamata ija kukamaliza thandizo lawo, ndipo nyengo yozizira isanathe anabwereratu kwathu.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti tapambana chifukwa makatoni achoka ndipo bedi lapezeka. Ndinkakhulupiriranso kuti palibe chimene ababa anachitapo cholimba mtima kuposa kupinditsa chibasi chija pamphambano. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikafuna kukumbukira kulimba mtima kwawo sindiona basi. Ndimaona bambo ataimirira pakati pa katundu wa anthu, chipewa m'manja, akutchula dzina la mwana wake.